Zitsulo za a Nedson

Akuti a Nedson Chikoti akufuna kuthyola msana wa alamu awo. Nkhaniyi inayambira pachigayo pa Nambuma, inakwera njinga, ndipo pofika Lachisanu inali ili ku Kasiya itanenepa kale: kumeneko ankati si msana wokha ayi, ndi khosi lomwe. Akuti n'chifukwa chake bambo wamkulu ngati amene uja, wa zidzukulu ziwiri, m'mawa uliwonse amakalowa m'kanyumba ka Fletcher kuseri kwa chigayo n'kumakanyamula zitsulo ndi anyamata osapesa tsitsi. Ineyo nkhaniyi sindinailavule, komanso sindinaimeze. Ndinangoiika m'tsaya ngati chingambwe. Paja alamu awowo, a Jameson, ndi munthu woti ngakhale abusa atakhala naye pa benchi imodzi dzanja limawayabwa.

Koma tiyambe bwino, mungasochere.

A Nedson si a kuno. Anabwera ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pamwamba pa lole, pakati pa mapoto ndi mikeka, makolo awo atachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya chakufupi ndi Kasiya. Anakulira m'chigafa. Kusoka fodya, kusankha, kudinda mabelo ndi jeke, zonsezi anazidziwa asanadziwe kulemba dzina lawo. Makolo onse awiri anagona konkuno, kumanda a pa esiteti, ndipo ku Phalombe kuja a Nedson sakudziwako ngakhale mtengo umodzi. Mukawafunsa kwawo amangoloza kummwera ndi mlomo.

Atakula anakwatira a Bertha, mwana wa a Nachisale, n'kulowa chikamwini. Nthawi imeneyo anali woonda ngati mtengo wa chigafa, koma ntchito ankaigwira ngati ali ndi mlandu nayo. Anaumba njerwa, anawotcha, anamanga nyumba ya malata, anabereka Limbikani ndi azichemwali ake atatu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pamudzi pa eni. Koma a Jameson, mchimwene wa a Bertha, mwini mbumba, sankalola kuti mwezi uthe osawakumbutsa.

“Alamu, nyumba yabwinotu iyi. Malata anu, njerwa zanu. Koma dothi lili pansipo lokha ndiye n'lathu, eti?”

A Nedson ankangoseka ndi mano okha.

Tsono apongozi awo, a Nachisale, ndi a mwambo wakale uja wosasungunuka. Nyumba yawo ikuyang'anizana ndi ya a Nedson, mapazi makumi awiri basi, koma pa zaka zonsezi anthu awiriwa sanayang'anepo m'maso. Akakumana panjira, wina amapatukira m'chimanga, wina m'fodya. Moni amapatsirana chapatali, atanjuta, aliyense akuyang'ana kwake ngati akulonjera mbuzi. Mawu akakhalapo amadutsira mwa a Bertha. Ndipo m'mawa uliwonse dzuwa likangotuluka, gogoyo amayala mkeka pakhonde, moyang'ana bwalo la a Nedson, n'kumasenda mtedza mpaka dzuwa lifike paliwombo. Mkeka umenewu muukumbukire.

Kenako a Nedson anapata. Anasiya fodya, anagula sikelo, n'kuyamba kugula soya ndi mtedza pa Nambuma. Anagulanso njinga yamoto. Munthu uja ankayenda wapansi mpaka ku Kasiya anayamba kukwera njinga popita kwa aneba. Tsiku lonse pampando, chipisi apa, kanyenya apa, chakumwa chotsekemera chozizira pambali. Mimba inatuluka, khosi linalowa. Ndipo mudzi wonse unawayamikira.

“Koma ndiye mukupeza bwino, bambo a Limbikani! Thupi lakubwerani!”

Linawabweradi, linabwera ndi alendo ake. Chaka chatha mwezi wa Juni, akukweza thumba la soya pasikelo, anangoona mdima masana, makutu akulira ngati muli nyenje. Anapita kuchipatala osauza munthu. Kumeneko anapeza dokotala wachitsikana, msinkhu wa mwana wawo wachiwiri, amene anawamanga lamba pamkono, n'kuwabaya chala, kenako n'kuwayang'ana ngati mphunzitsi wapeza mwana akubera mayeso.

“Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Bipi yakwera, shuga nayenso wakwera. Mapiritsi awa muzimwa tsiku lililonse. Koma mapiritsi okha sangakupulumutseni. Muzichita masewera olimbitsa thupi, thukuta lizituluka, mimbayi ichoke. Mukapanda kutero, tsiku lina mudzadzuka mbali imodzi itafa.”

A Nedson anatuluka ali ndi mkwiyo. Anakwiyira mtsikanayo, anakwiyira lamba wake, anakwiyira mayi wa chipisi. Koma atafika pa njinga yawo anakumbukira a Zikomo.

A Zikomo anali mkamwini mnzawo, mudzi woyandikana nawo, kwa a Nabanda. Nawonso anamanga ya malata, nawonso anali ndi mimba ya ulemu. Atagwa ndi sitiroko anawasunga miyezi itatu. Wachinayi abale a mkazi anati munthu wodwala chonchi ayenera kukaonedwa ndi abale ake. Anawagoneka pamatiresi m'ngolo, chikwama kumutu, n'kuwapititsa kumsewu kukakwera galimoto ya ku Dedza. A Nedson anaiona ngoloyo ndi maso awo ikudutsa pasikelo pawo. A Zikomo anayesa kukweza dzanja kuti atsazike, dzanja linakana.

Koma a Zikomo anali nako kwawo, ku Dedza. Nanga a Nedson ngolo ikawatula kuti? Ku manda a pa esiteti?

Pomwepo anatsimikiza mtima: za matendawa asamve munthu. Ngakhale a Bertha, poti chimene a Bertha amva m'mawa, amayi awo amachimva masana, a Jameson n'kuchimva nkhuku zisanalowe. Buku la kuchipatala ndi mapiritsi anazikulunga m'jumbo n'kuzibisa pansi pa chishalo cha njinga, pamodzi ndi masipanala.

Mwina mufunsa kuti nanga khasu linalakwa chiyani, si masewera amenewo? Inu simukuwadziwa anthu a kuno. Munthu amene wakhala zaka khumi akulemba aganyu, akangogwira khasu yekha, mawa lake mumva kuti bizinesi yagwa, ndipo alimi soya wawo akagulitsa kwa wina. Komanso unali mwezi wa Juni. Akanalima chiyani, fumbi?

Ndiye anati achitira pakhomo. Pakhomo mpaulere, palibe okuseka, ukatha madzi osamba ali pomwepo. Anafunsa mochenjera kwa mnzawo wina amene anakhalako kuusilikali, iye n'kuwaonetsa mapulesapu. M'mawa mwake a Nedson anavala kabudula wa mpira wa Limbikani, amene anawagwira ntchafu ngati chikopa cha ng'oma, malaya osavala, n'kutuluka pabwalo. Anagona chafufumimba. Anakwera, anatsika, akugwedeza mutu ngati gulo pamtengo. Kachitatu mimba inafika pansi iwo asanafike. Akulimbana kuti adzuke, anamva lichero likugwa.

Anali a Nachisale, mkeka kukhwapa, mtedza uli mbwee pansi. Gogoyo anadzifunditsa chitenje kumutu n'kubwerera m'nyumba chafutambuyo, liwiro loti palibe ankadziwa kuti akadali nalo.

Dzuwa lisanakwere a Jameson anali atafika.

“Alamu, kodi mwayamba liti kuvulira amayi?”

“Sindinavule. Ndinavala kabudula.”

“Ameneuja kabudula? Ine ndimayesa bandeji! Amayi akukana kudya. Akuti zimene aona sanazionepo chibadwire, ndipo anakwatiwapo kawiri. Mumachita chiyani pansi paja?”

“Ndimafuna kuwongola msana.”

“Msana mumawongolera maso ndi maso ndi apongozi? Kwanu ku Phalombe mumatero, eti?”

Mlandu unatha ndi tambala. Tambala wamkulu wofiira, wopepesera apongozi. A Nachisale mano alibe, ndiye amene anamudya mukumudziwa. A Nedson anamva fungo lake likuchokera kwa a Jameson madzulo amenewo, ndipo mtsempha wa pamphumi unkagunda ngati ufuna kutuluka.

Anayesa m'nyumba. Anatenga chingwe cha mbuzi n'kumadumpha pabalaza, chitseko chotseka. Chingwe chinakola galasi la nyali, mbale zinagwa pakabati, ndipo mbuu ndi kubuula zinamveka mpaka kumjigo. Azimayi anayamba kuwayang'ana a Bertha mwachisoni, ena mwansanje. A Bertha analowa ndi chipande m'manja.

“Bambo a Limbikani, mwagwidwa ndi chiyani? Simenti iyi munaika nokha, mukufuna muiswenso nokha?”

“Ndisiyeni.”

“Ndikusiyeni? Kumjigo akundifunsa kuti kwanu masana kumachitika zotani! Ndiziwayankha kuti chiyani, ine mayi wa Mvano?”

Anayesa kuthamanga. Apa ndiye panaipa. Kuno munthu wamkulu sathamanga chabe. Akathamanga ndiye kuti kwapsa nyumba, kapena ng'ombe zabedwa, kapena iyeyo ndiye waba. A Nedson atangodutsa pa mjigo ali wefuwefu, mayi wina anakuwa, amuna anatuluka ndi zibonga, agalu nawo osatsala. Pofika pa mlatho anthu anali makumi atatu pambuyo pawo, onse akufunsa kuti, “Walowera kuti? Walowera kuti?” A Nedson anaima, manja m'mawondo, mpweya ukukana.

“Ndani?”

“Wakubayo!”

“Palibe wakuba.”

“Nanga mukuthamangiranji?”

“Ndangofuna.”

Anthu anabwerera akutukwana, wina phala litapserera, wina ng'ombe atazisiya pagoli. A Jameson anauza aliyense kuti mlamu wawo mutu wayamba kuwayawaya, ndipo a Nedson anamva.

Kunatsala kwa Fletcher. Fletcher ameneyu ndi bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu, anagwirapo ya ulonda m'tauni, n'kubwerako ndi chifuwa chachikulu ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Anachita lendi kanyumba kuseri kwa chigayo n'kulemba pakhoma ndi penti kuti JIMU. Musaganize za makina ngati a pa kanema. Zitsulo zake ndi zitini za penti zothira simenti, zolumikiza ndi paipi. Chachikulu kwambiri ndi ekiselo ya ngolo. Pali benchi ya matabwa yokutira ndi chikopa cha mpando wa minibasi, ndi thumba la mchenga lolendewera kudenga. Wailesi imalira ngati ikukangana ndi chigayo. Fungo lake, mbuzi yamphongo ingapemphe kutuluka.

A Nedson anaima pakhomo nthawi yaitali. Anadana napo pamalopo asanalowe. Anyamata asanu, ena anaphunzira ndi Limbikani, anasiya zitsulo n'kumawayang'ana.

“Madala, soya sitigulitsa kuno!”

“Asiyeni, mwina abwera kusikelo ya amayi oyembekezera. Miyezi ingati, madala?”

Akanakhala kwina a Nedson akanavula lamba. Koma Fletcher anazimitsa wailesi n'kunena kuti amene asekenso anyamula ekiselo mpaka ku Kasiya. Kenako anawayang'ana a Nedson kuyambira kumapazi.

“Mukufuna chiyani, bigi? Chifuwa? Mikono?”

“Thukuta.”

“Basi?”

“Ndati thukuta. Ndipo usandifunsenso.”

Thukuta analipeza. Sabata yoyamba ankatsika pa njinga ngati nkhalamba ya zaka zana, kukhala pachimbudzi ankachita kugwira khoma. Ankadana ndi galasi lija, limene linkawaonetsa mimba kawiri chifukwa cha mng'alu. Ankadana ndi nyimbo. Ankadana ndi kulamulidwa ndi mwana wa dzana, “Ina, bigi! Inanso! Imeneyo sindinawerenge!” Koma kuno kunalibe mkeka wa apongozi, kunalibe tambala, ndipo ukabuula aliyense amabuula nawe.

Chimene chinawononga zinthu ndi thumba la mchenga lija. A Nedson ankalimenya mwaulemu, ngati akugogoda pakhomo pa abusa. Fletcher anatopa nazo.

“Bigi, thumbali si mkazi wanu. Ganizani munthu amene amakunyansani. Muikeni apa. Ndiye mum'patse.”

A Nedson sanachite kufunafuna. Anaona tambala wofiira. Anamva mawu aja, dothi lili pansipo n'lathu. Chibakera chinachoka chokha.

“Jameson!”

Thumba linagwedezeka.

“Jameson! Tambala wanga! Jameson! Dothi lako! Idya!”

Analimenya mpaka fumbi linatsika kudenga, ndipo tsiku limenelo anatuluka mutu uli mbee, kupepuka ngati wasenzulidwa katundu wa zaka makumi awiri. Anangoiwala kuti chigayo chinali chitazima poti magetsi anathima, ndipo pamzere panali azimayi khumi ndi awiri ndi makutu awo.

Mwaona tsono pamene inachokera nkhani ija? Inunso mukanakhala pamzerepo mukanati chiyani?

A Jameson anaimva tsiku lomwelo. Anayamba kuyenda ndi galu. Kudimba ankadzera njira ya kumanda, imene kale ankaiopa. Akamva kulira kwa njinga yamoto ankalowa m'nyumba ya aliyense, ngakhale ya anthu amene sayankhulana nawo. Ndipo a Nedson, m'malo moti aziziritse zinthu, akakumana nawo ankapinda mikono ya malaya pang'onopang'ono n'kupereka moni wautali. Zinkawakoma, tisaname. Lamba anali atabwerera mabowo awiri, mdima wa masana uja unali utasiya, ndipo kwa nthawi yoyamba mwini mbumba ndiye ankapatuka panjira.

Kukomako sikunakhalitse. Lachitatu lina a Bertha anawadikirira pakhonde, nkhope ili gwa.

“Achimwene aitana ankhoswe. Loweruka m'mawa.”

“Aitaniranji?”

“Mukufunsa? Akuti sangasunge pamudzi munthu amene akukonzekera kupha mwini mbumba. Akuti mulongedze.”

“Ndilongedze ndipite kuti?”

“Nanga ine ndidziwa? Bambo a Limbikani, ndiuzeni zoona. Zitsulozi n'zachiyani? Ngati ndi mkazi wina, nenani, ndikamuone ngati ali ndi mano. Ngati ndi achimwene, nenaninso. Munthu wa zidzukulu kumakagona pabenchi ndi ana, mukufuna chiyani?”

“Palibe.”

“Palibe! Ndiye siyani. Lero lomwe. Mukauze ankhoswe kuti mwasiya, mupepese, nkhani ithe.”

“Sindisiya.”

“Ndiye mwasankha zitini za simenti kusiya ine?”

A Nedson analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Mumtima ankawerenga njira zawo, ndipo zonse zinkathera pamsewu. Akasiya jimu, mimba ibwerera, mbali imodzi ifa, ngolo. Akapitiriza, ankhoswe, chikwama, msewu. Akachitira pakhomo, tambala wina, kenako mbuzi. Akaulula matenda, ndiye kuti a Jameson awapatsa okha chingwe chomangira ng'ombe pangolo. Anakwiya mpaka anakana chakudya, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatirire.

Loweruka anadzuka n'kupita kwa Fletcher ngati masiku onse. Dala. Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pakati pa nyumba ziwiri zija: ankhoswe a mbali zonse, a Bertha, ndi ena ambiri amene sanaitanidwe koma anapezeka kuti ali ndi ntchito pafupi. A Jameson anakhala pampando wa ndalema, galu pamapazi, ngolo kumbuyo kwawo kuti zikavuta pakhale pozungulira. A Nachisale anakhala pamkeka wawo chapatali, atafulatira bwalo, akuyang'ana khola la nkhunda.

A Nedson anafika mochedwa, malaya atanyowa, maso ali psuu. Sanakhale pansi.

A Jameson anayamba. Anafotokoza za kabudula. Anafotokoza za mpikisano wa pa mlatho. Anafotokoza za thumba lotchedwa dzina lawo, ndipo anaitana mayi wina wa pachigayo amene anachitira umboni mokometsera, mpaka kuonetsa ndi manja mmene chibakera chinkayendera.

“Ndiye ine ndikuti, munthu ameneyu tinamulandira alibe ndi supuni yomwe. Lero wakhuta, akufuna magazi anga. Abwerere kwawo mwamtendere ndisanafe.”

Nkhoswe ya a Nedson, a Talandira, nkhalamba imene inagwira utenanti ndi bambo awo, inawafunsa mofatsa ngati ali ndi mawu.

A Nedson anatembenuka n'kupita pa njinga yawo. Anatsegula chishalo. Masipanala analira.

Bwalo linabalalika. Mayi wa umboni uja anagwera m'dengu la eni. A Jameson anapezeka ali kuseri kwa ngolo, galu atawasiya kalekale. A Nachisale okha ndiwo sanasunthe, poti sankaona.

A Nedson anabwera ndi jumbo yakuda n'kuiponya pakati pa bwalo. Buku la kuchipatala linatuluka, mapiritsi n'kumwazika pafumbi.

“Ndi chimenecho chikwanje changa! Tolani! Werengani, inu a Jameson amene munafika fomu thuu! Bipi! Shuga! Dokotala anati ndikapanda kutuluka thukuta ndifa mbali imodzi. Ndinayesa pakhomo panga, pabwalo limene ndimasesa ine, munandidyera tambala. Ndinayesa m'nyumba yanga, akuti ndikuchititsa manyazi Mvano. Ndinayesa pamsewu wa boma, munanditsata ndi agalu. Ndapita kobisika, kuseri kwa chigayo, kokanunkha, kukatukwanidwa ndi ana, nakonso mwanditsatira! Mukufuna ndikachitire kuti? M'mwamba? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri! Denga la amayi anu anafolera ndani? Maliro a pamudzi pano bokosi amagula ndani? Ndiye mwamva tsopano, ndine wodwala. Ngolo ndi imeneyo mwabisalakoyo. Mangani ng'ombe, mundinyamule ngati a Zikomo. Koma mundiuze kokanditula, chifukwa ine sindikukudziwa!”



Woyamba kudzuka anali a Bertha. Anatola buku lija, analitembenuza, anaona deti. Anthu ankayesa alira. Analira, koma mochita kukalipa.

“Juni! Kuyambira Juni! Ine ndikukuthirirani masupuni anayi a shuga mu tiyi m'mawa uliwonse, inu n'kumamwa, osanena! Mumafuna ndikupheni ndi manja anga, anthu adzati Bertha anathira mankhwala mwamuna? Njinga ndiyo mwaiuza, ine ayi? Njinga ndiyo inakuberekerani ana? Chitsiru cha mwamuna! Chimutu ngati dzungu!”

Anawamenya ndi buku lomwelo paphewa, kawiri, ndipo a Nedson, munthu wonyamula ekiselo ya ngolo, anangoweramitsa mutu.

Pamenepo a Nachisale anakhosomola. Sanatembenuke. Anayankhula ndi khola la nkhunda.

“Bertha. Tabwera nawo mapiritsiwo.”

A Bertha anatola angapo n'kukawapatsa. Gogoyo anawayandikiza kumaso, kenako anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Munali mapiritsi, ang'onoang'ono oyera, ofanana ndendende.

“Uwauze apongozi anga kuti awa ine ndikumwa chaka chachinayi. Palibe wandikweza ngolo.”

“Amayi, inuyo ndi eni mudzi,” anatero a Jameson, mutu wokha utatuluka kuseri kwa ngolo.

“Iwe khala chete, wakuba tambala. Bertha, uwauze kuti za a Zikomo zinachitika kwa Nabanda. Kuno ndi kwa Nachisale. Munthu amene anandifolerera nyumba adzaikidwa pamudzi pano, pafupi ndi ine, ndipo kumandako tizikafulatirana bwinobwino. Uwauzenso kuti ndakwiya. Akanandiuza kudzera mwa iwe, ine ndikanangotembenuza mkeka. Mkeka ndi wolemera kodi?”

A Bertha anabwereza mawu onse, ngakhale aliyense anali atamva. A Nedson ananjuta pomwe anaimapo, kuyang'ana kumbali, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Mkwiyo unali usanathe, unangosowa pokhala.

“Ndipo pakhale mpanda wa udzu,” gogoyo anapitiriza, “kuyambira pa mango mpaka pa nkhokwe, wautali kuposa munthu. Amange ndi Jameson. Analipiridwa kale ndi tambala uja. Ndiye apongozi anga azivala bandeji yawo ija momasuka. Koma uwauze kuti akamachita za gulo zija aziwongola msana, matako asamatsogole kumwamba. Ine sindinaone. Ndinangomva.”

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. A Jameson sanaseke. Anatuluka kuseri kwa ngolo akukunkhumula fumbi.

“Chabwino. Koma nanga dzina langa pa thumba lija? Limenelo ndiye ndi mankhwala a dokotala?”

“Fletcher anati ndiganize munthu wondinyansa,” anayankha a Nedson. “Ndinafunafuna mudzi wonse, alamu. Munabwera msanga ndinu.”

Mpanda unamangidwa sabata yotsatira, wokhota ngati mwini ntchitoyo, ndipo a Jameson ankang'ung'udza pa mtolo uliwonse wa udzu. A Nedson anaumba zitini zawo ziwiri za simenti, ndipo masiku ano amachitira kuseri kwa mpandawo m'mawa uliwonse, a Bertha atakhala pampando n'kumawerenga mokalipa, kuchotsera dala zimene sizinawakomere. Tiyi ndi wopanda shuga, ndipo a Nedson amamwa akutukwana kapu. Kwa Fletcher amapitako Loweruka lokha, chifukwa cha thumba. Akuti la pakhomo silingakome, apongozi angamve dzina la mwana wawo.

Msana wa a Jameson uli bwinobwino, khosinso lili pamalo pake. A Nedson sankakonzekera kumenya munthu. Anali ndi bipi ndi shuga.